Mizere Isanu M'chikwama cha Anti

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa chinkhoswe cha mnzanga, m'holo ya tchalitchi china ku South Bend, ndili ndi mbale yapepala m'manja. Ndinali nditangomaliza digiri ya za makompyuta, ndipo boma linali litandipatsa chilolezo chogwira ntchito chaka chimodzi. Chilolezocho chinali ndi mano ake: ukakhala masiku makumi asanu ndi anayi usali pa ntchito, uyenera kulongedza uzipita kwanu. Ine ndinali nditadya kale masiku oposa makumi asanu ndi limodzi ndikulemba makalata amene palibe ankayankha. Anthu ankavina ndi kufupa, ine ndili ndwii pakona, kuyang'ana mwendo wa nkhuku ngati ndiwo unandilakwira.

Amene anandiona ndi Mayi Likongwe, nesi wa ku Indianapolis amene aMalawi onse a m'dera limenelo ankangowatchula kuti Anti. Anakhala pafupi nane, anandifunsa za kwathu, za makolo anga, kenako anafika pamfundo.

"Ndiye pano ukupanga chani?"

"Ndamaliza sukulu, Anti. Computer science. Koma ntchito ndiye sikupezeka."

"Iii, ndiye ukuliriranji? Ankolo ako akusaka munthu usiku ndi usana. Ali ndi ka company kawo ka ma software. Bwera ku Indy, uzigona kwathu ku basement, chipinda chapansi."

Ankolo anali amuna awo, Bambo Henry Likongwe, mkulu wa mpingo, munthu wa imvi zochepa ndi mawu ochepanso. Anafika ku Amereka ine ndisanayambe sukulu ya pulayimale. Sanandiyese mayeso alionse. Anandifunsa dzina la bambo anga, mpingo umene ndinabatizidwira, komanso ngati ndimaimba kwaya. Sabata yotsatira ndinali m'galimoto yawo, masutikesi awiri kumbuyo, tikudutsa minda ya chimanga yosatha pa ulendo wa maola atatu wopita ku Lawrence, dera la ku Indianapolis kumene ankakhala. Ndinalira pang'ono m'njira chifukwa cha chimwemwe. Anandilonjeza kuti ndikagwira bwino, adzandilembera mapepala owonjezera nthawi yanga.

Kampaniyo inali iwo okha basi, m'chipinda china cha nyumba yawo yomweyo, ndipo kasitomala wamkulu anali mmodzi. Inali kampani yaing'ono ya ku Beech Grove yobwereketsa makina a mpweya kwa odwala amene ali kunyumba. Makina akabwerera kuchokera kwa wodwala, ankayenera kuwerengedwa asanapite kwa wina: ayenda maola angati, alira alamu kangati, akutulutsa mpweya wokwanira kapena ayi. Ankawalumikiza ku kompyuta ndi chingwe, pulogalamu n'kuwerenga zonsezo. Pulogalamu yakale imene Ankolo analemba inali ya sikirini yakuda ndi zilembo zoyera zokha. Kasitomala ankafuna yatsopano, yokhala ndi zenera ndi mabatani, yoyenda pa Windows 7. Mbali yanga inali zenera ndi mabataniwo. Mbali yolankhula ndi makina inali laibulale ya Ankolo, ndiye kuti mtolo wa malamulo olembedwa kale amene pulogalamu ina imangowaitana.

Tsiku loyamba anandipatsa fulashi yokhala ndi mafayilo atatu.

"Iyi ndi header, iyi ndi lib, iyi ndi DLL. Source code ili ndi ine, sikufunika kwa iwe. Iwe uzingoitana ma function."

Nditatsegula, ndinaona kuti dzina la lamulo lililonse linkayamba ndi zilembo za dzina lawo: HL_open, HL_read, HL_close. Ndinamwetulira. Munthu ankaikonda ntchito yake moti anaisaina mzere uliwonse.

Kusukulu tinkalemba C++ ndithu, koma aphunzitsi ankatikonzera zonse. Iwe unkangolemba, kudina batani lobiriwira, zinthu n'kuyenda. Tsiku limenelo ndinalemba mizere yanga mwamatama, ndinadina, ndipo pansi pa sikirini panatuluka mizere yofiira yotsatizana: undefined reference to HL_open. Ndinayang'ana kalembedwe ka dzina, kanali kolondola. Ndinayang'ana ngati ndaika heda pamwamba pa fayilo, inalipo. Ndinadinanso. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, monga amachitira aliyense amene nzeru zamuthera. Mizere yofiira inabwereranso osasintha ngakhale chilembo.

Zinanditengera masiku atatu kuti ndimvetse chinthu chimene lero ndimafotokoza m'mphindi imodzi. Pulogalamu imamangidwa ndi amisiri awiri. Woyamba, kompaila, amawerenga zimene walemba n'kuzisandutsa chilankhulo cha makina. Wachiwiri, linka, amatenga zidutswazo n'kuzilumikiza ndi zidutswa za anthu ena. Heda ndi mndandanda wa mayina chabe, ngati pepala la mayina a anthu a kwaya. Kompaila akaona dzina papepala amakhutira. Koma linka amafuna munthuyo aimirire aimbe, ndipo ukapanda kumuuza kumene ali, amakuwa. Ine ndinali ndisanamuuze linka kumene kuli fayilo ya lib. Nditamuuza, anakuwabe. Ndinataya tsiku lina lathunthu ndisanazindikire kuti laibulale ya Ankolo inamangidwa ndi Visual Studio yakale, ya 32-bit, pamene ine ndinkamanga ndi MinGW ya 64-bit. Zida ziwirizi zimalemba mayina mosiyana mkati mwake, ndipo sizimvana. Ndinachotsa zanga, ndinaika zofanana ndi zawo, ndipo Lachisanu madzulo pulogalamu inamangika. Ndinavina ndekha m'chipinda muja.

Lolemba tinapita nayo ku Beech Grove. Kumeneko ndinakumana ndi Debbie, mayi woyang'anira nkhokwe ya makina, mzungu wa tsitsi lalifupi amene ankayenda ndi kabuku kakang'ono m'thumba la jekete. Chilichonse chimene munthu wanena ankachilemba. Ndinaika pulogalamu pa kompyuta yawo, ndinadina kawiri, ndipo inakana kuyamba: fayilo ina ya DLL sikupezeka. Pa laputopu yanga inalipo chifukwa inabwera ndi zida zomangira, koma pa kompyuta yawo panalibe. Debbie analemba m'kabuku. Ine nkhope inagwa, koma mawa lake ndinabwera ndi mafayilo onse ofunika m'foda imodzi, ndipo inayenda.

Zolakwa zonsezi zinali zanga, ndipo kunena zoona ndinkazikonda. Cholakwa chako umachikonza wekha, osapempha chilolezo kwa munthu.

Vuto lenileni linayamba mu Okutobala. Debbie anaimba foni kuti pulogalamu ikumauma. Munthu akadina batani lowerengera makina, nthawi zambiri zinkayenda bwino, koma mwa apo ndi apo zenera linkayera ngati lathiridwa mkaka, pamwamba n'kulembedwa kuti Not Responding. Ukadina paliponse, zii. Njira yokha inali kuipha pulogalamu n'kuyambanso.

Ndinawerenga mpaka maso kuwawa. Ndinaphunzira kuti zenera limakhala ndi moyo poyankha mauthenga: wina wadina apa, wina wakoka apo, jambulanso mbali iyi. Lili ngati wogulitsa m'golosale amene ali yekha. Akapita kuseri kukafuna katundu n'kuchedwa kumeneko, mzere wonse umaima. Mankhwala ake ndi kupereka ntchito yotenga nthawi kwa wantchito wachiwiri mkati mwa pulogalamu, amene amatchedwa thiredi, kuti woyambayo apitirize kuyankha anthu. Ndinachita zomwezo. Koma laibulale ya Ankolo inakana. Ikaitanidwa kuchokera ku thiredi yachiwiri, pulogalamu yonse inkagwa nthawi yomweyo. Inalembedwa kale, pa nthawi imene zinthu zotere sizinkaganiziridwa. Lero ndikudziwa kuti ndikanatha kuitsekera m'kapulogalamu kake kapadera n'kumalankhula nako chapatali, koma nthawi imeneyo nzeru imeneyo ndinalibe.

Ndinabwereka makina amodzi kupita nawo kunyumba. Ndinayendetsa pulogalamu m'dibaga, chida chimene chimalola kuimitsa pulogalamu pakati n'kuona pamene yaima. Ndinawerenga makina maulendo makumi awiri, osauma. Ulendo wina chigongono changa chinagunda chingwe mwangozi, zenera n'kuyera. Ndinaimitsa, ndinayang'ana mndandanda wa malamulo amene ankayenda. Pamwamba penipeni panali HL_read. Ndinabwereza kasanu, kugwedeza chingwe dala pakati pa kuwerenga, ndipo kasanu konse inaima pamalo omwewo. Lamulo la Ankolo linkafunsa makina funso n'kudikira yankho popanda malire. Chingwe chikangolekana pang'ono, yankho linkatayika m'njira, ilo n'kumadikirabe mpaka kalekale. Pulogalamu yakale ija inali ndi matenda omwewo, koma pa sikirini yakuda palibe chimene chinkayera, anthu ankangoitseka n'kuyambanso osadandaula.

Kukonza kwake kunali mizere isanu: dikira masekondi atatu, yankho likapanda kubwera, bwerera ukanene kuti zalephereka. Koma mizere isanuyo inkayenera kulowa m'kati mwa laibulale, ndipo zolemba zake zinali pa laputopu ya Ankolo.

Wina angafunse kuti vuto linali pati, popeza munthuyo ankakhala mamita awiri kuchokera pa desiki yanga. Vuto linali lakuti ndinkagona m'nyumba yawo. Ndinkadya patebulo pawo, iwo ndiwo ankapempherera chakudya. Kutchalitchi ankandionetsa kwa anthu kuti mwana wathu uyu. Chibadwire sindinawauzepo bambo anga ondibala kuti apa mwalakwitsa. Kwathu ukakhala ndi nkhani yolemera kwa bambo, umadzera kwa mayi, iwo n'kuipititsa pa nthawi yake ndi mawu ake. Sindinakhale pansi kuganiza kuti ndichite bwanji. Miyendo inangonditengera kwa Anti, monga inkachitira kuyambira ndili mwana.

Loweruka lina tinapita ku Lafayette Road kukagula ufa, nsomba zouma ndi mafuta a tsitsi. Pobwerera, galimoto itaima pa loboti, ndinayamba.

"Anti, pali kanthu kena kakundivuta ku ntchito."

"Kachani? Ankolo ako akukuzunza?"

"Ayi, Anti. Ndi program ija, ikumafriza. Ndiye ndimaona ngati mwina pali kamalo kena mu library ya Ankolo kofunika kukachekanso."

Anatembenuka, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukuti Ankolo ako alakwitsa?"

"Ayi, Anti! Sindikutero ayi. Ndangoti mwina."

"Chabwino. Usiye kwa ine, ndikawauza bwinobwino. Amuna aja safuna kuwadzidzimutsa. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, mwana wanga."

Onani mmene nkhani inachepera isanachoke n'komwe m'galimoto. Ine ndinali ndi umboni, kasanu konse, koma pakamwa panga panatuluka "mwina" ndi "kamalo kena". Anti nawo anaifewetsanso mbali yawo. Lamulungu titadya chamasana, Ankolo anandiitana pabalaza, m'manja muli chibuku chonenepa cha anthu oyamba kumene C++.

"Ndamva kuti ma thread akukuvuta. Usachite manyazi, tonse tinayambira pomwepo. Uwerenge chapter twelve."

Ndinalandira ndi manja awiri, mawondo atapinda, n'kuthokoza. Nditatsikira kuchipinda kwanga ndinaliponya bukulo pabedi mwamphamvu moti linadumpha n'kugwera pansi. Ndinakwiya kwambiri, ndipo chimene chinkandiwawa koposa n'chakuti sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Ulendo wachiwiri ndinati ndichenjere. Mawu apakamwa amasungunuka m'njira, koma zolembedwa sizisungunuka. Ndinang'amba pepala m'kope, ndinalemba dzina la lamulo lija, mmene munthu angaonere vutolo pogwedeza chingwe, ndi mizere isanu yokonzera. Ndinalemba mosamala ngati kalata yofunsira ntchito. Kenako, mmalo moyenda mamita awiri kukaliika pa desiki ya mwini wake, ndinalipinda kanayi n'kukapereka kwa Anti kukhitchini.

"Mungowapatsa kapepalaka, Anti. Akaona amvetsa."

Anakaponya m'chikwama chawo chachikulu chakuda chimene ankapita nacho ku ntchito.

"Pano BP yawo yakwera. Ndipeza nthawi yabwino."

Nthawi yabwino inachedwa. Kunabwera chikondwerero cha Thanksgiving ndi alendo odzaza nyumba. Kunabwera zokonzekera Khirisimasi kutchalitchi. Mu Januwale mlongo wawo wa Ankolo anamwalira kumudzi, m'nyumba munali anthu opepesa sabata yathunthu. Ndinawakumbutsa Anti kawiri, kachitatu ndinachita manyazi. Pa nthawi yodikirayo ndinapita ku Beech Grove ndi tepi yakuda, ndinamata chingwe ku kompyuta ndi kutebulo, n'kulemba chikwangwani chakuti asachigwedeze makina akuwerengedwa. Kuuma kunachepa. Ndinayamba kudzinamiza kuti mwina tepi ndi yokwanira.

Tsiku loipa linali Lolemba lina mu Febuluwale. Chipale chinagwa usiku wonse, chimfine chinali paliponse, ndipo odwala ofuna makina a mpweya anachuluka. Debbie anaimba tisanamalize kumwa tiyi, ndipo mawu ake ankamveka ngakhale kwa ine amene ndinali kutali ndi foni. Tinanyamuka tonse awiri ndi Ankolo, msewu uli woterera.

M'nkhokwe munali makina khumi ndi asanu ndi atatu oyenera kutuluka tsiku lomwelo. Madalaivala atatu anaima pakhomo ndi makapu a khofi, magalimoto akulira panja. Kuzizira kunaumitsa tepi yanga, inali itamatuka n'kumalendewera. Pulogalamu inali itauma kale kawiri m'mawa umenewo. Ndipo apa panalinso cholakwa changachanga chimene sindibisa: ndinailemba moti inkasunga zotsatira pamapeto, makina onse akatha kuwerengedwa. Ikauma pa makina a khumi, zonse za makina asanu ndi anayi oyamba zinkatayika. Foni ya pa khoma inkangolira. Anali mayi wina amene bambo ake anatulutsidwa m'chipatala m'mawa, ndipo kabotolo ka mpweya kamene anawapatsa kanali kakutha.

Ndinalumikiza laputopu yanga, ndinayendetsa pulogalamu m'dibaga kuti tione pamodzi. Makina oyamba anawerengeka, achiwiri, achitatu. Pa achinayi dalaivala wina anakoka tebulo pang'ono kuti adutse. Zenera linayera. Ndinaimitsa pulogalamu, ndipo pamwamba pa mndandanda panaoneka HL_read, zilembo za dzina la Ankolo zili poyera. Iwo anaima kumbuyo kwanga, ankaona sikirini yomweyo.

Debbie anatulutsa kabuku kake. Analankhula m'Chingerezi chake chofulumira, mosakweza mawu.

"Sindikufuna nkhani zambiri. Pulogalamuyi ili ndi mbali ziwiri. Vuto lili mbali ya ndani?"

Ndinamva Ankolo akupuma kumbuyo kwanga. Ndinayang'ana madalaivala aja, anyamata a msinkhu wa ana awo, akudikira kuti aone amene agwe. Dzanja langa linapita lokha n'kutseka laputopu.

"Ndi mbali yanga," ndinatero.

Kukanakhala kwathu, aliyense m'chipindamo akanamva zimene ndinachita. Akanadziwa kuti mwana wavundikira wamkulu pamaso pa alendo, akanati palibe kanthu, tiyeni tikonze, ndipo nkhani yeniyeni ikanakambidwa kuseri. Koma Debbie si wa ku Ntcheu. Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, n'kulemba m'kabuku.

"Zikomo ponena zoona," anatero.

Makina otsalawo tinawawerenga ndi pulogalamu yakale ya sikirini yakuda, amodzi amodzi, ine nditagwada pasimenti yozizira n'kugwira chingwe ndi zala ziwiri kuti chisagwedezeke. Makina a bambo odwala aja anatuluka oyamba. Ena onse anatuluka mochedwa ndi maola anayi.

Madzulo tinanyamuka kubwerera ku Lawrence. Titatsala pang'ono kufika, Ankolo anatsokomola, maso ali pa msewu.

"Lero wandivundikira, mwana wanga. Waleredwa bwino iwe."

Pamenepo ndinadziwa kuti anaona zimene ndinaona, ndipo anamvetsa kuti vuto linali m'laibulale yawo. Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati basi, zatha, mawa atsegula laputopu yawo, akonza, amuimbira Debbie n'kumufotokozera bwinobwino. Usiku umenewo ndinadya mokhuta kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri.

Lachitatu kunabwera imelo yochokera ku Beech Grove. Inali yaulemu ndi yaifupi. Ankafuna kuti kuyambira tsopano pulogalamu yawo izigwiridwa ndi Bambo Likongwe okha, ndipo munthu wachiwiri sakumufunanso pa ntchitoyo. Madzulo ake Ankolo anandiitana pabalaza, Anti ali pomwepo. Tinayamba ndi pemphero. Kenako Ankolo anandiwerengera imeloyo pang'onopang'ono, n'kunena kuti popanda ntchito ya ku Beech Grove, palibe china chimene angandipatse chochita.

Kwa nthawi yoyamba chiyambire, ndinalankhula nawo molunjika.

"Koma Ankolo, mukanangowauza kuti vuto lili mu library. Inuyo mwaona nokha."

Anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.

"Ndikawauza kuti ndi ine, contract yatha. Ndiye tigwa tonse, iwe ndi ine yemwe. Iwe ukadali mwana, upeza pena."

"Nanga mapepala anga? Days zanga zatsala seventeen."

"Ukhala muno mmene ungafunire, ino ndi nyumba yako. Koma kalata yoti ukugwira ntchito pomwe sukugwira, imeneyo sindingalembe. Ndine mkulu wa mpingo, sindinganame ku boma."

Anti ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine sindinalire. Ndinangokumbukira kuti kwathu amati mutu waukulu sulewa nkhonya, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti umalewa ndithu, bola pakhale mutu waung'ono pafupi.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri si nthawi yopezera ntchito, makamaka kwa mlendo amene akufunika mapepala. Ndinalemba makalata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kampani imodzi inandiimbira, inafunsa chifukwa chimene ndinachokera pa ntchito yakale patangotha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndinachita chibwibwi. Kunena zoona kukanakhala kuwaneneza Ankolo kwa anthu achilendo, kunama kukanakhala kudzinenezanso ndekha. Sanaimbenso. Ndinapita ku South Bend kumapeto kwa sabata kukatsanzika anzanga, ndinawasiyira jekete ndi nsapato za m'chipale. Ena anandiuza kuti ndingokhala mobisala, ndizisamalira okalamba m'nyumba za anthu monga amachitira ena. Ndinaganiza masiku awiri, ndinaona kuti mtima umenewo ndilibe.

Ku bwalo la ndege anandiperekeza ndi Anti okha, Ankolo anati ali ndi miting'i. Titaima pamzere wopimitsa katundu, Anti anandipatsa kaphukusi ka mankhwala ndi mafuta odzola koti ndikapereke kwa mchemwali wawo ku Zomba.

"Dikira ndikulembere number yawo. Iii, chikwama ichi muli zinthu!"

Anapisa m'chikwama chakuda chija, anatulutsa malisiti, maswiti, magolovesi a kuchipatala, kenako kapepala kopindidwa kanayi, kakuda m'mbali. Anakatsamiritsa pa sutikesi, analemba nambala kuseri kwake osakafunyulula, n'kundipatsa.

"Usataye, mwana wanga. Ukafika uwaimbire."

Ndinakazindikira kasanafike n'komwe m'dzanja langa. Tinakumbatirana, anandipempherera, ndinalowa. Nditakhala pa mpando wodikirira ndege ndinakafunyulula. Munali zolemba zanga, zooneka bwino ngati tsiku limene ndinazilemba: dzina la lamulo, kagwedezedwe ka chingwe, mizere isanu. Kanayenda m'chikwamamo miyezi inayi, kupita kuchipatala ndi kubwera, kudikira nthawi yabwino. Apo ndiye ndinalira, pakati pa azungu amene ankangoyang'ana mafoni awo.

Kaphukusi kaja ndinakapereka ku Zomba. Mchemwali wawo wa Anti anandilandira bwino kwambiri, anati anamva kale mbiri yanga, kuti ndine mwana waulemu wosowa masiku ano.

Tsopano ndimagwira ntchito ku Blantyre, pa ofesi yaing'ono yolemba mapulogalamu a masitolo ndi zipatala zazing'ono. Ku Amereka sindinabwererenso, ndipo sindiganiza kuti ndidzabwerera. Pali zinthu zitatu zimene ndinatenga ku Beech Grove. Sindilemba lamulo lodikira yankho popanda kuliikira malire a nthawi. Ndimasunga zotsatira pakangotha chinthu chilichonse, osati pamapeto. Ndipo ndikapeza cholakwa m'zolemba za munthu, ndimamuuza ndekha tsiku lomwelo, molemba, ndi umboni wake, kaya ndi wamkulu kuposa bambo anga. Chachitatuchi sindinachizolowerebe. Lilime limalemerabe, ndipo ena pa ofesi amati ndinabwera ndi mwano wa kunja. Akanadziwa kuti kunjako anandibweza chifukwa cha ulemu.

Patatha miyezi iwiri chibwerereni, Anti anandiimbira foni kundifunsa za moyo. Tinacheza za mvula, za mchemwali wawo, za amene wakwatiwa ndi amene wabereka. Atatsala pang'ono kudula anakumbukira kanthu.

"Eya, ndimati ndikuuze. Program ija imafriza ija, Ankolo ako anaikonza. Sabata yomwe unachoka ija. Anangokhala pa laptop half hour basi, yatheka. Mzungu uja wasangalala kwabasi."



"Zikomo, Anti," ndinatero. "Muwapatse moni Ankolo."